Injini imodzi, mitu isanu: kodi makina osintha mitu ndi ogula pa ntchito ya mayadi?

Kapinga_Watsopano
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ntchito yake ndi yosamalira mayadi, asanu ndi atatu pa sabata, ogwira tili awiri. Zofunika ndi kutchetcha udzu momwe makina okankha safika, kumeta mipanda ya duranta ndi bougainvillea, ndi kudulira nthambi za mango ndi mapeyala mwa apo ndi apo. Kusitolo akundionetsa makina a injini imodzi omwe umangosintha mitu: wotchetchera, wometera mpanda, tcheni yodulira nthambi ya pa mlongoti, wouzira zinyalala, wina wolimira. Kodi amenewa ndi ogula, kapena ndizigula makina paokhapaokha pang'onopang'ono?

Chikwakwa77
Muli awiri, injini imodzi. Wina akamameta mpanda, mnzakeyo azitani, aziombera m'manja?

Mlongoti
Funso la a Chikwakwa ndi lenileni, koma tiyambe ndi kapangidwe kake. Shafti ya makinawa inadulidwa pakati. Theka lakumtunda lili ndi injini, kilatchi ndi chogwirira. Theka lakumunsi ndiye mutu mukusinthawo, ndipo uli ndi magiya akeake. Pakati pali cholumikizira chomanga ndi bawuti ya m'manja. A Stihl amawatcha KombiSystem, a Husqvarna amaika zilembo LK kumapeto kwa nambala, monga 525LK ndi 535LK, a Echo amati PAS, a Ryobi amati Expand-It, ndipo a Makita ali ndi DUX60 ya mabatire.

Phindu lake lili pa zida zomwe zimagwira ntchito mwa kamodzikamodzi. Tcheni ya pa mlongoti mwina mudzaifuna maola awiri pa mwezi. Ikakhala ndi injini yakeyake, injiniyo imagona masabata atatu ili ndi petulo m'kabuleta, petuloyo amauma n'kusiya utomoni m'timabowo, ndiye tsiku loifuna mukoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Mutu wopanda injini ulibe choti chionongeke uli chigonere. Mwaupukuta, mwaupachika, basi. Mukusamalira pulagi imodzi, fyuluta imodzi, kabuleta imodzi, ndipo injiniyo imakhala yathanzi chifukwa ikulira tsiku ndi tsiku.

Pomwe sipayenda ndi pa chotchetchera. Kuyambira Disembala mpaka Epulo chimenecho chimalira m'mawa mpaka madzulo. Chikhale ndi injini yakeyake ndi shafti yosadula. Ndiye kwa inu awiri: brush cutter (chotchetchera cha injini yakeyake) imodzi yeniyeni, kuwonjezera injini yosintha mitu yokhala ndi wometera mpanda ndi tcheni.

AnaPhiri_Maluwa
A Mlongoti mwalankhula ngati aliyense ali ndi galimoto ya bodi. Munthu woyenda pa minibasi kapena pa njinga, brush cutter ya shafti yaitali ija ainyamula bwanji? Yosintha mituyi ukaimasula zidutswa zake zimangotsala pafupifupi mita imodzi, zimalowa m'thumba kapena m'buti ya galimoto yaing'ono. Kwa munthu wogwira yekha m'mayadi ang'onoang'ono a m'tauni, injini imodzi ndi mitu itatu zimakwana bwinobwino, ndipo chosowa poika usiku chimachepa.

Chikwakwa77
Zimakwana mpaka tsiku lomwe koyilo yafa. Pamenepo palibe kutchetcha, palibe kumeta, palibe kudulira. Mitu yonse yangoti ndondondo pakhoma kudikira injini ili kwa makaniko, udzu wa Januwale sukudikira.

AnaPhiri_Maluwa
Apo ndiye mwanena zoona achimwene. Komatu amene ali ndi makina atatu otchipa naye amakhala kwa makaniko katatu.

WaKuRandburg
Ine poona mawu akuti kombi ndimayesa tikukamba za minibasi za ku Harare.

Sipanala13
Chomwe chimaonongeka kwambiri pa makinawa si injini ayi, ndi cholumikizira chija, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi mwini wake. M'kati mwa paipi muli chitsulo chozungulira, nsonga yake ya makona anayi, yomwe imalowa m'dzenje la makona anayi la theka linalo. Munthu akamafulumira amangolowetsa pang'ono n'kumanga bawuti. Nsongayo imagwira ndi kamlomo kokha, ndiye akapatsa moto makona amadyeka n'kukhala bulungwa. Zizindikiro zake: injini ikulira bwino, koma mutu ukuzungulira mwaulesi kapena ukuima ukangokhudza udzu, nthawi zina kumveka kukhwekhwereza pakati pa shafti.

Kalowetsedwe koyenera nkaka. Zimitsani injini. Pukutani nsonga zonse ziwiri. Lozetsani kachitsulo kotuluka pa paipi ya mutu mu mpata wa cholumikizira, mukankhe mpaka chigunde. Chikakana kufika, musamenye. Potokolani mutuwo ndi dzanja pang'ono kuti makona akumane, mumva chikulowa chokha. Pa mitu ya Stihl pali kamzere kofiira pa paipi, kameneko kafike ndendende pakamwa pa cholumikizira. Kenako mangani bawuti ndi dzanja, osati ndi pulayazi, chifukwa cholumikiziracho chimang'aluka mukachikakamiza.

Mutu ukachoka, vekani kachipewa kake kapulasitiki kumapeto. Kakasowa, mangani pepala la pulasitiki ndi mphira. Mchenga ukalowa mmenemo umasakanikirana ndi girisi n'kumadya chitsulo ngati tupa.

Kapinga_Watsopano
Zikomo a Sipanala. Nanga aja opanda dzina lodziwika amalemba 52cc, mitu inayi kapena isanu m'katoni imodzi? Mtengo wake ndi wotsika kwambiri kuposa injini yokha ya enawa.

Sipanala13
Injini zake si zoipa monga anthu amanenera. Zambiri ndi mtundu umodzi womwewo, 1E44F-5 ya 52cc kapena 1E40F-5 ya 43cc, ndipo kabuleta, koyilo, sitata ndi pisitoni zake zimapezeka mosavuta komanso motchipa. Vuto lili ku mitu. Magiya a wometera mpanda ndi ofewa, mano ake safuna nthambi yokhwima, ndipo kapampu ka oilo ka tcheni kamafa msanga kapena kamatayira oilo pansi. Cholumikizira chake chimayamba kugwedera pakapita miyezi yochepa ya ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Musanagule mutu wina woonjezera kapena wobwezeretsa, yezani zinthu ziwiri. Kukula kwa paipi: ina ndi 26 mm, ina 28 mm. Nsonga ya shafti: ina ili ndi mano 9, ina 7, ina makona anayi. Wogulitsa akakuuzani kuti mitu yonse imalowana, tulutsani shafti muwerenge mano nokha. Pa yadi ya pakhomo panu makinawa angakutumikireni. Pa mayadi asanu ndi atatu a anthu olipira, atengeni ngati chotchetchera chabe, mitu inayo muione ngati basela.

Gontho
Ndipo kulemera kwake. Injini ya 52cc kuikweza m'mwamba ndi tcheni kunsonga, mphindi khumi zokha mikono yayamba kunjenjemera.

Nachisale_Jozi
Pa za kulowana kwa mitu, ngakhale mayina akuluakulu salowana. Mutu wa Stihl sulowa pa Husqvarna kapena pa Makita popanda kusula, ndipo mukasula chitsimikizo cha kusitolo chatha. Choncho mukamasankha injini mukusankhanso sitolo yomwe muzigulako zaka zikubwerazi. Funsani kaye ngati m'tauni mwanu muli wogulitsa wosunga kilatchi, kabuleta ndi magiya a mtundu umenewo, osati woitanitsa kunja n'kumakuuzani kuti bwerani mwezi wamawa.

Kukula kwa injini nakonso. Pa makina a Stihl, KM 56 ndi 27.2cc, yopangira pakhomo. KM 94 R ndi 24.1cc, yopepuka, makilogalamu 4, yabwino pa mpanda ndi pa kapinga wosamalidwa. KM 131 R ndi 36.3cc, mphamvu 1.4 kW, makilogalamu 4.4. Kusiyana kulemera ndi kochepa, koma pa udzu wokhwima ndi pa mutu wosesera mphamvuyo imaoneka. Kumbukiraninso kuti injini imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse okwera. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, Lilongwe kupitirira pang'ono 1,000. Injini yaing'ono yomwe imatchetcha bwino ku Durban, ku Johannesburg imabanika mu kapinga wa kikuyu wokhuthala wa Febuluwale.

Chikwakwa77
KM 131 ija ndi ya mavavu. Makaniko wa pamsika amene anazolowera two-stroke akaitsegula amangokanda mutu.

Sipanala13
Palibe chovuta. Amaitcha 4-MIX: ili ndi mavavu ngati four-stroke koma ilibe thanki ya oilo, imamwa petulo wosakaniza 50:1 ngati inayo, nchifukwa chake mutha kuipendeketsa mbali iliyonse pometa mpanda. Chingwe chikayamba kulimba pokoka, kapena ikamakubwezani dzanja, nthawi zambiri mpata wa mavavu wakula. Injini ikhale yozizira, chotsani chivundikiro chakumwamba, pisitoni ifike pamwamba mavavu onse ali otseka, mpata ukhale 0.10 mm onse awiri. Pulagi yake ndi NGK CMR6H, mpata 0.5 mm. Ntchito ya mphindi makumi awiri kwa munthu wokhala ndi kachitsulo koyezera.

Fumbi_la_Okutobala
Poti mwatchula petulo. Anthu ambiri amanamizira makina pomwe vuto ndi mafuta. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake kunabwera fakitale ina ku Chikwawa. Ku Zimbabwe kusakanizako kumafika mpaka magawo 20 pa 100. Mabuku a makina ambiriwa amalola magawo 10 okha. Ethanol amakoka chinyezi, amaumitsa kachikopa ka m'kabuleta, timapaipi ta mafuta ndi kampira kopopera kaja. Ndiye sakanizani wokwana sabata imodzi kapena ziwiri, asadutse masiku 30, m'chigubu chotseka bwino chosakhala padzuwa. Makina akakhala kuti agona nthawi yaitali, khuthulani thanki, muwalize mpaka azime okha.

Mfundo imeneyi ndi imene ikukomera makina osintha mitu kuno kwathu kuposa kwina. Injini zinayi zogona ndi kabuleta zinayi zoola.

Gontho
Muyezo wa oilo tiuzeniko bwino, chifukwa ena amathira ndi maso.

Fumbi_la_Okutobala
50:1 ndi 20 ml pa lita imodzi, 100 ml pa malita asanu. 25:1, yomwe amalemba pa otchipa ambiri aja, ndi 40 ml pa lita. Gulani jakisoni wa 20 ml kufamase muziyezera. Yambani kuthira oilo m'chigubu, kenako petulo pang'ono, khutchumulani, mumalizitse petuloyo. Pa botolo pakhale JASO FD kapena FC. Amene muli kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, musatenge oilo wa injini za maboti wolembedwa TC-W3. Ameneyo anapangira injini zozizira ndi madzi, pa injini yozizira ndi mpweya sapirira kutentha. Oilo wa galimoto ndiye musayerekeze. Kuchulukitsa oilo nako si chikondi: mwaye umatseka kasefa ka m'ekizozi, injini imalira koma ikakamizidwa imalephera kukwera.

AnaPhiri_Maluwa
Tabwererani ku funso abambo inu, tafika pa shedi ya mafuta tsopano. A Kapinga, mutu wometera mpanda muuganizire bwino musanagule. Uja wautali wopindika mpaka madigiri 145, mpeni wake masentimita 50, ndi wabwino kwambiri pa mpanda wopitirira mutu wa munthu, chifukwa mumameta pamwamba muli pansi, opanda makwerero. Koma mukauphatikiza ndi injini zimapitirira makilogalamu 6, ndipo kulemera kwambiri kuli kutsogolo kutali ndi thupi. Pa timipanda ta duranta tofika m'chiuno, tofuna makona oongoka ndi mipira yobulungira, mutuwu ndi wosokoneza. Pamenepo mufunika wometera wam'manja wamfupi kapena sizasi yaikulu ija. Yang'anani mipanda ya m'mayadi anuwo, muwerenge ingati ili yaitali.

Bougainvillea yakale ili ndi nthambi zokhwima ngati chala chachikulu. Zimenezo dulani kaye ndi chodulira cham'manja, makina azingometa zanthete. Mukakakamiza, mano amaluma nthambi n'kuima, kilatchi imatsetsereka n'kupsa. Girisi m'magiya muziika maola 25 alionse, pang'ono chabe, osadzaza, chifukwa ikadzaza imatentha n'kutulukira m'mbali. Mukamaliza ntchito pukutani utomoni pa mano, mupakepo oilo.

WaKuRandburg
Ndipo makina amenewa asayandikire mpanda wa nkhadze. Mkaka wake ukathovokera m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Ngati simungachitire mwina, magalasi otseka m'mbali, malaya aatali manja, ndi chikwanje, osati chinthu chomwaza madzi ake paliponse.

Mlongoti
Tcheni ya pa mlongoti ndiye mutu womwe umabweza ndalama msanga, chifukwa eni mayadi ambiri kudulira mitengo amalipira padera. Koma ndi umenenso umavulaza. Malamulo ake ndi ochepa. Mlongoti usaimirire kupitirira madigiri 60, apo ayi mwaima pansi penipeni pa nthambi mukudulayo. Musakwere nawo makwerero. Khalani kutali ndi mawaya a magetsi mamita 15. Mitengo ya mango ya m'malokeshoni yambiri inakulira m'mawaya a ESCOM, ndipo nthambi yonyowa imadutsitsa magetsi ngakhale chitsulo chisanakhudze waya. Chipewa cholimba kumutu.

Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Choyamba chekani kunsi, masentimita 30 kuchokera ku thunthu, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu. Chachiwiri chekani kumwamba, patsogolo pang'ono, mpaka igwe. Chachitatu chotsani chitsa chotsalacho pafupi ndi thunthu, osadula mphete yotupa ya pomwe nthambi imakumana ndi thunthu. Mukadula kamodzi kuchokera kumwamba, nthambi imasenda khungwa mpaka m'munsi kapena imatsina tcheni mlongoti uli m'mwamba, ndipo kuuchotsa pamenepo ndi chintchito.

Tcheni yaing'ono ya 1/4 P imanoledwa ndi tupa ya 3.2 mm, ya 3/8 P ndi 4.0 mm. Thanki ya oilo ndi kakang'ono, muzisuzumira nthawi iliyonse mwathira petulo. Utomoni wa mango umatseka kabowo kotulukira oilo, muzikatokosa ndi kawaya. Paipi yoonjezera utali ilipo ya mita imodzi, koma imodzi yokha. Mapaipi awiri akalumikizana shafti imagwedera.

Kapinga_Watsopano
Nanga wouzira ndi wolimira? Akuti ndikatenga yonse pamodzi andichotserako.

Chikwakwa77
Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Nachisale_Jozi
Wolimira usiyeni. Umalima mzere wa masentimita 22 okha, ndipo ntchito yake ndi kufewetsa bedi lomwe linalimidwa kale kapena kusakaniza manyowa. Pa katondo wouma umangodumphadumpha, pa makande onyowa umamata n'kuima. Khasu limaposa. Wouzira umagwira ntchito, koma wouzira wam'manja wa injini yakeyake mtengo wake sutalikirana nawo kwenikweni, ndipo ndi chida chomwe mnzanu angamagwiritse ntchito inu mukumaliza mpanda. Kumalo kwa fumbi, Seputembala ndi Okutobala, eni nyumba ambiri sakondwa ndi wouzira, tsache la nsungwi limawasangalatsa kuposa.

Wodulira m'mphepete mwa kapinga ndi wofunika komwe kuli kikuyu ndi misewu ya njerwa, monga mayadi a ku Gauteng, chifukwa kikuyu amayanga pamwamba pa simenti sabata iliyonse ndipo mzere woongoka ndi umene mwini nyumba amayamba kuona. Ngati mayadi anu alibe zimenezo, chingwe cha mutu wotchetchera, mutachipendeketsa, chikukwanirani.

Gontho
Palibe amene watchula chogwirira. Makina osintha mitu pafupifupi onse ali ndi chogwirira chozungulira. Chimenecho ndi chabwino m'makona, pansi pa maluwa, m'mbali mwa khoma. Koma pa puloti ya tsekera kapena nsenjere, kutchetcha ndi mpeni wachitsulo tsiku lonse, mufunika chogwirira cha nyanga ngati cha njinga ndi lamba wa mapewa awiri, kuti muzikupiza ndi chiuno ngati chikwakwa. Mpeni ukagunda chitsa, makina a chogwirira chozungulira amakutembenuzani, nchifukwa chake amafuna kachitsulo kotchinga mwendo. Mpeni wa mano ngati sowo pa makina osintha mitu saloleza n'komwe. Amene amalandira ntchito zolambula mapuloti asadzinamize, agule brush cutter.

Mlongoti
Zimene ndinanena poyamba zija.

WaKuRandburg
Bwanji za mabatire? M'ma complex (nyumba zambiri za mu mpanda umodzi) ambiri kuno phokoso la injini salifuna m'mawa kapena Lamlungu.

Nachisale_Jozi
Pa mpanda ndi pa tcheni mabatire ndi abwino zedi, chifukwa zida zimenezo sizidya mphamvu yambiri ndipo umayatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi. Pa udzu ndi pomwe masamu amavuta. Batire ya Stihl ya AP 300 S imasunga mphamvu ya 281 Wh. Mabatire awiri a Makita a 18V 5.0Ah pamodzi ndi 180 Wh. Mukamatchetcha udzu wokhwima makina akukoka 500 W, yoyambayo ikupatsani theka la ola ndi mphindi zochepa, enawo mphindi makumi awiri. Werengani maola anu a tsiku la dzinja muone mabatire angati mufunika, ndi potchajira pake magetsi akamathimathima. Amene ali kale ndi mabatire a mtundu umodzi a dirilo ndi gireinda, makina a mabatire ndi anzeru. Dziwaninso kuti a Makita analeka kupanga makina a petulo mu 2022, ndiye injini yawo ya petulo ya EX2650LH mukaipeza m'sitolo funsani za zipangizo zake musanalipire.

Chikwakwa77
Batire imabedwanso mosavuta kuposa injini. Imalowa m'thumba la jekete.

Kapinga_Watsopano
Ndamva. Ndiye ndalama zikukwana chimodzi kaye mwezi uno: brush cutter, kapena injini yosintha mitu yokhala ndi wotchetchera ndi wometera mpanda. Mvula yatsala masabata asanu ndi limodzi.

AnaPhiri_Maluwa
Ngati mayadi onse ndi a kapinga wosamalidwa, yambani ndi yosintha mitu, ya 30cc kupita kumtunda, mnzanu azikankha makina a kapinga inu mukutchetcha m'mbali ndi kumeta. Brush cutter ibwere ndi ndalama za Januwale, ndipo ikabwera mutu wotchetchera uja musagulitse, ndiye chipulumutso chanu tsiku lomwe inayo yadwala. Tcheni idikire Juni, nthawi yodulira.

Gontho
Ngati pali ngakhale puloti imodzi ya tchire pa mayadi amenewo, tembenuzani ndondomekoyo. Mpanda sizasi imameta, tsekera sizasi sidula.

Sipanala13
Chilichonse mwasankha, tengani chingwe chotchetchera cha 2.4 mm pa kapinga, 2.7 mm pa udzu wokhwima ngati injini ili yopitirira 30cc. Chiviikeni m'madzi usiku wonse musanakulunge, sichiduka pafupipafupi. Chotchinga cha pa mutu wotchetchera musachotse ngakhale anzanu akunena kuti chimachedwetsa. Kampeni kali pamenepo ndi kamene kamadula chingwe pa utali woyenera, ndipo chingwe chikatalika injini imabanika, kilatchi imapsa. Fyuluta ya mpweya gulani ziwiri, muzisinthanitsa madzulo alionse mpaka mvula itagwa.

Kapinga_Watsopano
Puloti ya tchire ilipo imodzi, koma amaitana kawiri pa chaka basi.

Chikwakwa77
Kawiri pa chaka? Imeneyo lembani aganyu awiri a chikwakwa, muwerengere mwini puloti.